Khola lokoka la mahatchi: yambani mwaona nthaka, mphepo ndi khonsolo

Bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Shropshire, ku England, watilembera imelo. Achita lendi busa la maekala 3, dothi lake la makande, ndipo ali ndi mahatchi awiri: ina ya msinkhu wapakati, ina ndi pony (hatchi ya mtundu waung'ono) ya mwana wawo. Mwini malo wakaniza kumanga. Wogulitsa makola wawauza kuti khola la matabwa lokhala pa zitsulo zotsetsereka, loti n'kulikoka ndi thirakitala, silifuna chilolezo cha khonsolo. Akufunsa ngati zili zoona, kukula kwa khola loyenera, poti aliike, komanso ngati angamatsekeremo mahatchi usiku wonse m'nyengo yozizira.

Bambo, gulani ndithu, koma chimene chidzakuvuteni si matabwawo ayi. Khola lotere limakhala pa mitanda iwiri yachitsulo kapena yamatabwa, ngati chileyi chokokedwa ndi ng'ombe, ndipo phindu lake lonse lagona poti lizisuntha. Likakhazikika malo amodzi, matope amakupezani, khonsolo nayo imakupezani.

Tiyambe ndi khonsoloyo, chifukwa apa wogulitsa wangonena theka. Lamulo la Town and Country Planning Act la 1990 limafuna chilolezo pa zinthu ziwiri zosiyana: kumanga, ndi kusintha ntchito ya malo. Pa kumanga, makhoti amayang'ana kukula kwa chinthucho, kukhalitsa kwake, ndi mmene chagwirira nthaka. Pa mlandu wa Skerritts m'chaka cha 2000, tenti yaikulu imene inkadzutsidwa pa hotela kwa miyezi yambiri chaka chilichonse inawerengedwa kuti ndi nyumba. M'chaka cha 2012, pa mlandu wa makola a nkhuku a ku Woolley Valley pafupi ndi Bath, khoti linaonetsa kuti chinthu sichileka kukhala nyumba chabe chifukwa chili pa zotsetsereka. Mudzamvanso anthu akunena kuti mukamalisuntha masiku 28 alionse muli bwino. Nambala imeneyo ndi ya nkhani ina, yogwiritsa ntchito malo kwa kanthawi, ndipo palibe lamulo lotchula masiku osunthira khola.

Chachiwiri ndi chimene ambiri sachidziwa. Mahatchi akamangodya msipu, malowo amawerengedwa kuti ndi aulimi, monga zinagamulidwira pa mlandu wa Sykes mu 1981. Koma mukayamba kuwatsekera m'khola, kuwabweretsera chakudya chambiri chochokera kunja, ndi kumakwerapo pabusa pomwepo, khonsolo ikhoza kunena kuti mukusunga mahatchi, ndipo ntchito ya malo yasintha. Funso lanu lotsekera usiku likukhudza pomwepa. Lemberani ofesi ya mapulani musanalipire, muwauze miyeso ya khola, malo ake, ndi momwe muzisamalira ziwetozo. Ngati mukufuna chikalata chogwirika, pemphani lawful development certificate, chikalata cha khonsolo chotsimikiza kuti zimene mukufuna kuchitazo n'zololedwa. Musathire konkire, musakumbe maziko, musalumikize magetsi kapena mpope kukhola. Mwini malo nayenso avomere polemba.

Za kukula n'zosavuta. Malangizo a boma osamalira mahatchi ku England amati hatchi wamba ikhale ndi chipinda cha mamita 3.65 mbali zonse, yaikulu kwambiri mamita 3.65 ndi 4.25, pony mamita 3.05 mbali zonse, ndipo khomo lisachepere mamita 1.25 m'lifupi. Pamwamba pa makutu a hatchi itaimirira patsale masentimita 60 mpaka 90 kuti isagunde denga. Muyeze m'kati, chifukwa ogulitsa ena amatchula muyeso wakunja. Kwa inu, ine ndingasankhe la mamita 7.3 ndi 3.65 logawa pakati, chipinda chilichonse ndi khomo lake. Mahatchi awiri m'chipinda chimodzi cha khomo limodzi n'zoopsa: yaikulu imaima pakhomo, pony imatsekeredwa pakona, ndipo ikamenyedwa theche ilibe kothawira.

Mukapita kukaliona, gwadani muyang'ane pansi. Mitanda yachitsulo chosachita dzimbiri imapirira kukoka kuposa yamatabwa, imene imaola ikakhala m'matope. Mphete zokokera zikhale zowotcherera ku mitandayo, osati zomangira kukhoma. M'kati, makoma akutidwe ndi plywood ya mamilimita 18 kufika mamita 1.2 kuchokera pansi, apo ayi chiboda chimaboola thabwa lakunja ndipo mwendo umakodwa. Denga la Onduline (zofolera zopangidwa ndi ulusi ndi phula) silichita phokoso mvula ikamagwa ndiponso silidontha thukuta ngati malata, koma likapanda matabwa okwanira pansi pake limapindika pakapita zaka. Pakhale ngalande yolandira madzi a padenga ndi paipi yowataya kumbuyo. Madzi a denga la masikweya mita oposa 26 akamagwera pakhomo, matope ayamba kale.

Tsono poliika. Yendani m'busamo mvula yamphamvu itangokata, mutavala majombo, muone pamene madzi akuima ndi pamene akuthamangira. Sankhani malo okwera pang'ono, osatsetsereka kwambiri. Musaike pafupi ndi geti ngakhale ndipo pofupikitsa ulendo wa wilibala, chifukwa pageti mahatchi amapondapo kale podikira chakudya. Mphepo yambiri ku Britain imachokera kum'mwera chakumadzulo, choncho msana wa khola uloze kumeneko, makomo ayang'ane kumpoto chakum'mawa. Pakati pa khola ndi mpanda musiye mpata waukulu woti hatchi idutse ndi kutembenuka, kapena mutsekepo ndithu. Kampata kopapatiza ndi msampha.

Yang'ananinso mitengo. Mthunzi umakopa, koma mbewu za sycamore zimene zimagwa ngati timapiko m'miyezi ya October ndi November zili ndi poizoni woyambitsa atypical myopathy, matenda owononga minofu amene amapha mahatchi ambiri owadwala. Zipatso za oak ndi masamba a yew nazo n'zakupha. Khola limachititsa mahatchi kukhalitsa malo amodzi, ndiye likakhala pansi pa mitengo imeneyi mwawaitanira pangozi.

Khola lopanda maziko ndi lopepuka poyerekeza ndi mphepo. Mkuntho ukalowa pakhomo umakankha denga kuchokera m'kati, khola lonse n'kugubuduzika, nthawi zina mahatchi ali momwemo. Likhomeni pa ngodya zonse zinayi ndi zikhomo zachitsulo zolowa m'nthaka mozungulira ngati sikuluwu, zimene mungazule posuntha, ndipo lalitali ngati lanulo muwonjezere zapakati. M'makande onyowa zikhomo zimakhwefuka, ndiye muzizigwedeza ndi dzanja mkuntho uliwonse ukapita. Mitu yake isatulukire poti hatchi n'kudzicheka.

Pansi ndi pamene pagona yankho la funso lanu lotsekera usiku. Khola limeneli lilibe simenti, pansi pake ndi dothi lomwelo. Hatchi ya makilogalamu 500 imatulutsa ndowe zokwana pafupifupi makilogalamu 20 patsiku, kuwonjezera mkodzo, ndipo makande samwa madzi. Mukatsekera maola 14 usiku uliwonse, pakatha milungu yochepa mudzapeza dzenje pakati pa chipinda, utuchi wakuda wonunkha, ndi fungo la mkodzo lolasa m'maso mukawerama. Fungo limenelo limawononga mapapo a hatchi. Chiboda chikamakhala m'chinyontho chotere chimayamba kuola pansi, chimatuluka zakuda zonunkha, matenda amene amawatcha thrush. Kunja nako matope amafewetsa khungu la kumapazi mpaka zilonda za mud fever.

Mphasa zarabala zokha sizikwanira pa dothi lofewa. Zimamira, m'mphepete mwake mumatukuka, mkodzo umalowa pansi. Yambani mwasalaza nthaka idakali youma, muyale matailosi apulasitiki olumikizana amene amagona pamwamba pa udzu popanda kukumba, kenako rabala pamwamba pake, kenako utuchi wokhuthala wa masentimita 15 kapena kuposa. Matailosiwo muwapitirize kunja mamita atatu kapena anayi kutsogolo kwa makomo, poti pamenepo ndi pomwe matope amafika m'mawondo. Mukaona mpata pansi pa mtanda chifukwa nthaka siyofanana, tsekanipo. Hatchi ikagona imalowetsa phazi mmenemo, ndipo podzuka imathyoka kapena kusupuka.

Maganizo anga ndi akuti makomo azikhala otsegula masiku ambiri, mahatchi azilowa ndi kutuluka okha. Kutsekera kusungidwe pa zifukwa zenizeni: hatchi yovulala imene dokotala wati ipume, tsiku lobwera wosula ziboda, kapena pony ikafuna kuchotsedwa pa udzu wanthete wa mu April ndi May, umene umayambitsa laminitis, kutupa kowawa kwa m'kati mwa ziboda. Mukatsekera, theka lam'mwamba la chitseko likhale lotsegula ngakhale kukuzizira, chifukwa mpweya woipa umapweteka hatchi kuposa chisanu. Musatsekere imodzi pamene inzake ikupita kutali kosaoneka, imadziguguda pachitseko. Muikemo madzi okwanira, poti hatchi imamwa malita 25 mpaka 50 patsiku, ndipo m'mawa wa chisanu muswe madzi oundana. Udzu wouma uzikhalamo wa usiku wonse. Ngati udzuwo mwauika mu ukonde, ukondewo muumangirire m'mwamba, chifukwa ukatha umalendewera pansi ndipo nsapato ya hatchi imakodwamo.

Ndowe muzichotsa tsiku lililonse. Mulu wake ukhale mamita osachepera 10 kuchokera ku mtsinje kapena ngalande, ndi mamita 50 kuchokera ku chitsime, kasupe kapena mjigo.

Kusuntha kumafuna nthaka youma kapena m'mawa umene yauma gwa ndi chisanu. Mahatchi muwachotse kaye apite kuseri kwa mpanda wamagetsi. Tulutsani rabala ndi matailosi, zulani zikhomo, tsekani zitseko ndi mabawuti ake, ndipo ngati khola linabwera ndi mpiringidzo wopingasa pakhomo, umangeni kuti makoma asapotoke. Mitanda imakhala itamatirira m'dothi, ndiye muitukule pang'ono ndi jeke pa ngodya iliyonse musanakoke. Mukangokoka mwamphamvu isanamasuke, mphete imazuka kapena felemu imapindika, zitseko n'kuleka kutsekeka. Tcheni chimangidwe ku mphete zonse ziwiri, chikumane pakati kumbuyo kwa thirakitala. Yendetsani pa giya yotsika, molunjika, ndipo pokhota muzungulire patali. Munthu asaime pafupi ndi tcheni. Khola la zipinda ziwiri limalemera kuposa tani imodzi, choncho funsani kulemera kwake ndipo mupangane ndi mlimi woyandikana naye wa thirakitala musanagule. Galimoto ya 4x4 pa makande onyowa imangozungulira matayala.

Pa dothi lanulo, pakati pa December ndi February kukoka kudzakumba mizere yoipa kuposa matope amene mukuthawa. Likokereni pamalo ouma koposa mu September kapena kumayambiriro kwa October, mulisunthenso nthaka ikangouma, ndipo m'chilimwe muzilisuntha pafupipafupi. Nthawi iliyonse jambulani zithunzi zoonetsa tsiku, zidzakuthandizani khonsolo ikafunsa. Pamalo akale palani ndowe, salazani, fesani mbewu ya udzu, mutchingepo ndi waya wamagetsi mpaka udzu utagwira. Dothi loonekera ndi pamene ragwort, chomera cha maluwa achikasu chowononga chiwindi cha hatchi, chimamera msanga, ndiye muzipayendera ndi magolovesi n'kumazula ndi mizu yomwe chisanachite maluwa.