Kwa mayi a ku Mufakose, mu Harare, amene afunsa za mindfulness

Mayi, ndawerenga funso lanu lija. Mwati kuchipatala anakupezani ndi BP yokwera ndipo anakulangizani kuti muchepetse mchere ndi shuga, koma mukayesetsa sabata imodzi mumapezeka kuti mwabwerera kumadyedwe akale. Mwatinso mwana wanu wakuuzani za mindfulness, ndipo mukufuna kudziwa ngati imathandizadi komanso ngati si chipembedzo chachilendo.

Ndiyambe ndi zachipembedzozo, poti ine ndemwe ndimapemphera ku CCAP ndipo ndinali ndi mantha omwewo. Zoona n'zakuti mizu yake ili m'kusinkhasinkha kwa Abuda. Koma njira imene madokotala amaphunzitsa masiku ano anaikonza ndi Jon Kabat-Zinn m'chaka cha 1979 pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts ku America, ngati maphunziro a masabata 8 othandiza anthu a ululu wosatha ndi a nkhawa. Mulibe pemphero kapena kugwadira aliyense. Chimene munthu amaphunzira ndi kukhala tcheru ndi zimene thupi ndi maganizo ake zikuchita pa nthawi yomweyo, popanda kudzidzudzula. Phunziro loyambirira lenileni ndi kudya kamphesa kouma kamodzi pang'onopang'ono, kukayang'ana, kukanunkhiza, kenako kukatafuna mofatsa.

Kwa ine nkhaniyi inamveka bwino ndili pamzere wa makombi (maminibasi) pasiteshoni ya Copacabana muno mu Harare. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkagula tchipisi ndi chakumwa chozizira, ndipo ndinkati ndi njala. Tsiku lina ndalama ili kale m'manja ndinaima kaye, ndinapuma mozama katatu, n'kudzifunsa kuti njalayo ndikuimvera pati. M'mimba munalibe vuto, chifukwa masana ndinali nditadya nsima ndi nyemba. Chimene ndinapeza chinali nsagwada zolumana, mapewa ouma, kukhosi kouma ndi ludzu, ndiponso mkwiyo wa mawu amene bwana anandilankhula m'mawa. Ndinagulabe tchipisicho tsiku limenelo, ndisakunamizeni, koma kuyambira pamenepo ndinayamba kusiyanitsa njala ya m'mimba ndi nkhuli ya munthu wotopa. Munthu akapanikizika, thupi limatulutsa mahomoni monga cortisol, ndipo ambiri pa nthawi yotero amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta. Chilakolakocho chimakwera, kenako chimatsika chokha ngati munthu wachidikira mphindi zingapo akumwa madzi. Vuto ndi loti dzanja limathamanga mutu usanazindikire.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muyambire pambale ya nsima ya madzulo, osati pa kukhala chete ola lathunthu mutapinda miyendo, zimene mayi wa ana ndi zidzukulu sangazikwanitse. Zimitsani wailesi yakanema, foni muiike kutali, ndipo musanathire mchere wapatebulo lawani kaye ndiwo. Mudzadabwa kuona kuti dzanja limapita pamchere lilime lisanafunsidwe n'komwe. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, yomwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo muyeso umenewo ukuphatikizapo mchere wobisika m'buledi, m'soseji, m'kapenta ndi mu supu wa m'mapaketi. Temani mbamu yaing'ono, muitafune mpaka mumve kukoma kwa ndiwo, ndipo mukatha mtanda woyamba dikirani pang'ono musanatenge wachiwiri, pakuti uthenga woti mimba yakhuta umachedwa kufika kuubongo. Ife tinakula tikudyera mbale imodzi, wochedwa n'kugona ndi njala, ndipo liwiro limenelo ambiri tidakali nalo ngakhale mbale ili yathuyathu.

Zakumwa zotsekemera nazo zimafuna maso omwewo. Chitini cha mamililita 330 cha kokakola chimakhala ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 35, ndiye kuti masupuni aang'ono oposa 8. Palibe amene angathire shuga wotere mu kapu ya tiyi akuona, koma m'chitini timangogugudiza tikucheza.

Maganizo adzathawa ndithu, adzapita ku lendi, ku fizi ya ana kapena ku magetsi amene azima. Kumeneko si kulephera, chifukwa ntchito yonse yagona pa kuzindikira kuti athawa ndi kuwabweza mofatsa, ngati mmene timabwezera mwana amene akukwawira kumoto. Mukadya mopitirira paukwati Loweruka, musadzitukwane, poti kudzitukwanako n'kumene kumachititsa munthu kunena kuti zawonongeka kale, ndingopitiriza.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena momveka. Mindfulness si mankhwala a BP, choncho mapilitsi amene anakupatsani pitirizani kumwa ndipo tsiku lokayezetsa musaliphonye. Komanso pali anthu ena amene akakhala chete zowawa zakale zimawabwerera mwamphamvu. Ngati zili choncho, kapena ngati mukusowa tulo ndi maganizo aja anzathu Achishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso, musalimbane nazo nokha. Muno mu Harare muli Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, kumene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi pa makiliniki n'kumamvetsera mavuto a anthu mwachinsinsi. Funsani anamwino a pakiliniki yanu ngati benchi yotere ilipo.

Ine tsopano ndimatsika kombi patali pang'ono ndi kunyumba n'kuyenda mphindi 20 foni ili m'thumba, ndikumvetsera mapazi ndi mpweya wanga. Tchipisi ndimagulabe Lachisanu, koma ndimadikira ndikafike kunyumba kuti ndikadye nditakhala pansi.