Akuti amuna anu ndi aulesi? Inenso ndinanenapo choncho kwa achemwali anga

Kalata iyi inalowa Lachiwiri usiku magetsi atathima, ndipo ndinaiwerenga katatu mumdimamo mpaka foni inatsala pang'ono kuzima. Mayi wina wa ku Chinamwali akuti amuna ake anadwala Covid, anachira, koma papita miyezi 7 akungokhalira kugona, akakwera kamtunda kakang'ono akubanika, ndipo apongozi ayamba kunena kuti ndi ulesi. Funso lake ndi lakuti, kodi ndiwakakamize adzuke kapena ndiwasiye?

Achemwali, ndisanakuyankheni ndiyambe ndaulula tchimo langa, chifukwa ine ndinakakamiza.

Munali mu Januwale 2021. Aliyense wa kuno ku Zomba akukumbukira mmene mwezi umenewo unalili. Pa 12 mwezi womwewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid tsiku limodzi, Pulezidenti wa nthawiyo a Chakwera n'kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pasanapite nthawi Nyumba ya Boma ya konkuno inasandutsidwa chipatala cha odwala Covid. Tinkangoti foni ikalira mtima phaa. Sabata yomweyo achemwali anga akulu, amene ndinawapondera pamutu, anayamba kutentha thupi kwawo ku Matawale. Sanagonekedwe m'chipatala ayi. Anakhala masabata awiri m'nyumba, ife tikuwaphikira madzi a mandimu ndi jinja, kuwafukiza masamba a bulugama atafunda bulangete monga ankachitira wina aliyense nthawi imeneyo. Kutentha kunatsika, chifuwa chinachepa, tinathokoza Mulungu n'kuiwala.

Muyenera kuwadziwa kaye achemwali angawa kuti mumvetse kupusa kwanga. Ndi mayi amene kwa zaka zambiri ankadzuka tambala woyamba, kukwera matola mpaka ku Kachulu ku nyanja ya Chilwa, kupikula matemba, kubwera nawo thumba pamutu, madzulo ali pa benchi mumsika akuwerenga ndalama. Sindinawamvepo akuti ndatopa. Ine ndi amene pamtundu pathu ndimadziwika kuti ndine wa manja lende, wongokhalira kulemba pa kompyuta.

Kumayambiriro kwa Malichi anabwerera ku geni. Ulendo umodzi wokha wa ku Kachulu unawagoneka masiku asanu. Anayesanso, zomwezo. Kenako zinayamba zina zoseketsa zimene sizinali zoseketsa konse: munthu wawapatsa K2,000, iwo kumubwezera chenje kawiri. Kuthira mchere kawiri mu ndiwo. Tsiku lina anaima pakhomo la khitchini akuloza chipande, pakamwa pali yasa, dzina lake lawathawa. Anyezi wokazinga ankati akununkha ngati tayala lopsa. Akaimirira msanga mtima unkagunda ngati athamanga, ndipo kusesa pabwalo kokha ankapumira kawiri atatsamira khoma.

Tinapita kuchipatala china, sinditchula. Malungo palibe. Magazi okwanira. Makhololo anayeza, TB palibe. Amene anatiwonayo anatseka kabuku n'kunena kuti, "Mayi, palibe vuto, ndi maganizo chabe," n'kutilembera Panado. Lero sindimuimba mlandu kwambiri mnyamata uja, mzere unali wofika panja ndipo nthawi imeneyo ngakhale bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linali lisanamange mfundo imodzi pa za matendawa, amene ndi Covid yosatherapo. Tanthauzo lake linadzatuluka mu Okutobala 2021: zizindikiro zimene munthu amakhala nazobe pakatha miyezi 3 chidwalireni Covid, zokhalitsa miyezi yosachepera 2, ndipo palibe matenda ena amene angazifotokoze. Kufooka, kubanika, mutu kusagwira bwino. Achemwali anga ndendende. Koma mawu aja akuti ndi maganizo chabe ine ndinawatola n'kuwasunga, ndipo ndi amene ndinadzawamenya nawo.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinawauza kuti, "Achemwali, thupi likazolowera mphasa silidzukanso. Tiyeni tikawongole miyendo." Anakana, ine ndinaumirira. Tinayenda mpaka ku masitolo a kumsewu waukulu n'kubwerera. Anayenda bwinobwino! Anaseka, anagula chimanga chootcha, anakangana ndi wogulitsayo pa mtengo ngati kale. Ine madzulo omwewo pa gulupu ya WhatsApp ya banja ndinalemba kuti achira, umangofunika mtima. Lolemba anadzuka ofooka pang'ono. Lachiwiri analephera kunyamula kapu ya tiyi, dzanja likunjenjemera, mutu ukuwawa, kuwala kwa pawindo kukuwalasa m'maso. Anagona sabata yathunthu.

Nditapita kukawaona ndinayambanso zanga zija zakuti limbani mtima. Anandiyang'ana ali chigonere n'kunena motsitsa, "Iwe, ukuganiza kuti ine mphasa ndimaikonda? Ana anayi ndinabereka, ndinkalima ndili ndi pakati. Ndinamizire kudwala kuti ndipeze chiyani?"

Sindinayankhe. Ndinatuluka n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Chimene sindinkadziwa ndi chimenechi, ndipo ndi chimene apongozi anu sakudziwa. Kwa anthu ambiri amene ali ndi Covid yosatherapoyi, kutopa sikubwera nthawi imene akugwira ntchitoyo. Kumabwera mochedwa, pakatha maola 12 mpaka 48, ndipo kumatha kukhala masiku. Nchifukwa chake abale amasokonezeka. Amamuona munthu Loweruka pa chinkhoswe akuseka, Lolemba akumva kuti wagona, basi amati ameneyu amasankha, ku zosangalatsa amadzuka, ku ntchito amadwala. Pomwe chinkhoswe chomwecho ndi chimene chamugoneka. Ine ndimati ndi katapila. Thupi limakukongoza mphamvu lero mosavuta, iwe n'kumati ndachira, mkuja mwini ndalama ali pakhomo akufuna zake ndi chiwongoladzanja. Ukakongolanso kuti ubweze yoyambayo, dzenje limangokulirakulira. Munthu amene thupi lake likuchita zimenezi, kumuuza kuti aziwonjezera mtunda tsiku ndi tsiku ngati wothyoka mwendo amene akuphunziranso kuyenda ndi kumuvulaza.

Ndipo si ntchito ya manja yokha imene imadya mphamvuzo. Apa ndiye ndikwiyitsa anthu, koma ndinena. Kazondedwe kathu ka odwala kamadwalitsa. Inde ndi chikondi, sindikukana. Koma taganizani: amayi a kumpingo abwera khumi. Wodwala adzuke, amange chitenje chabwino, akhale tsonga pamkeka. Aliyense amupatse moni payekhapayekha, iye ayankhe kakhumi kuti ndilipo pang'ono, kaya inu. Afotokoze matenda kuyambira pachiyambi. Nyimbo zitatu, mawu, pemphero lalitali. Kenako aliyense anene mankhwala amene anachiritsa mlamu wake. Akamanyamuka iwo mitima ili mbee kuti agwira ntchito ya Mulungu, wodwala watsala ngati chinkhupule chofinya. Achemwali anga ulendo umodzi wotere unkawagoneka kuposa kuchapa zovala. Ndinafika poima pakhomo n'kumati alowe awiri okha, mphindi khumi, ena akhale pakhonde ndiwapatse thobwa. Anandinena kuti ndine wamwano, wophunzira kwambiri. Mayi wina mpaka lero amandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Zilibe kanthu.

Maliro ndiye nkhani ina. Kwathu kuno osapita ku maliro a mnansi ndi mlandu, amati wako akadzagwa udzaika wekha. Achemwali ankadzikoka kupita, kukachezera usiku wonse pansiwa pozizira, kubwerako n'kugona masabata awiri. Tinagwirizana kuti ine ndizipita m'malo mwawo ndi ufa ndi chipepeso chawo, n'kukanena poyera kwa amfumu ndi kwa anamfedwa kuti mayi uja akudwala. Kunena poyerako kunathandiza kuposa kubisa.

Za ufiti sizinachedwe. Abale a alamu anga anati ndi anzawo a mumsika, awachitira nsanje chifukwa benchi yawo inkayenda malonda. Anawatengera kwa sing'anga ine kulibe, anabwerako ndi mphini pachifuwa ndi m'msana, mbuzi imodzi itapita. Kenako mneneri wa madzi odalitsa. Kenako mabotolo a mankhwala azitsamba ochiza matenda makumi awiri nthawi imodzi, aja amalengezedwa pa sipika mumsika. Mpamba wa matemba unathera mmenemo, ndi ngongole ya banki m'khonde pamwamba. Ndinene mosapsatira: palibe mankhwala amene atsimikizika kuti amachiza Covid yosatherapo, ndipo aliyense amene akukuuzani kuti ali nawo m'botolo akufuna ndalama zanu. Kupemphera pempherani, ine ndimapemphera. Koma pemphero lofuna kuti muyambe mwatumiza ndalama pa foni likayikireni.

Katemera anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, wa AstraZeneca, wokwana 360,000, ndipo pa 11 mwezi womwewo a Chakwera anabayitsa konkuno ku Zomba. Achemwali anadzabayitsa pambuyo pake. Sanawachiritse, ndipo si ntchito yake kuchiza zimene zachitika kale. Tinkangofuna kuti matendawa akawapezanso asawagwetse ngati poyamba. Ndatchula izi chifukwa inu vuto lanu ndi lalikulu kuposa lathu pa mbali imodzi: ife tinkadwazika nthawi imene aliyense ankaopa Covid. Chilengezere WHO mu Meyi 2023 kuti mliriwu sulinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, anthu anangomva kuti Covid inatha. Kachilomboko sikanapite kulikonse. Ndiye mukamati amuna anga akuvutika ndi Covid, anthu akuyang'anani ngati mukunena za nkhondo ya Chilembwe.

Komanso ndi bambo. Mwamuna wa kwathu kuno akakhala pakhonde dzuwa lili pamutu anzake ali ku ntchito, mkazi ndiye akusaka ya ndiwo, manyazi ake amamudya kuposa matendawo. Adzayesa kudzionetsa kuti akadali mwamuna, adzanyamula thumba la chimanga pamaso pa mayi ake, mawa lake n'kugwa. Muwayang'anitsitse. Akayamba kukhala chete kwambiri, kukana chakudya, kunena mawu ngati akuti bola ndikanangofa, musazitenge ngati nthabwala, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo mukanene mawu amenewo momwe awanenera.

Inunso agadiyani mumatopa, ndipo palibe amene amabwera kudzakuzondani. Ine panafika nthawi imene ndinkadana ndi kulira kwa foni ya achemwali anga enieni. Ndinkakwera kabaza kupita ku Matawale ndikutukwana chamumtima, kufika n'kumwetulira. Tsiku lina ndinalira pa mpopi ndowa itasefukira, mwana wa aneba akundiyang'ana. Chimene chinandipulumutsa ndi kugawana masiku ndi mng'ono wathu ndi mwana wawo wamkazi wamkulu, aliyense ake, ndipo tsiku lako likadutsa osadziimba mlandu.

Chimene chinasintha zinthu chinali kope la sukulu. Mtsikana uja ankalemba tsiku lililonse zimene mayi ake achita ndi mmene adzukira. Patatha mwezi tinaona tokha: kuchapa, pakatha masiku awiri agona. Kutchalitchi, pakatha masiku awiri agona. Kusankha nyemba atakhala pansi, palibe vuto. Tinayamba kudula ntchito m'tizidutswa. Kusamba atakhala pa kampando. Kuphika atakhala, mbaula panja chifukwa utsi unkawabanikitsa. Kupuma asanatope, osati atatopa kale, ndipo chimenechi chinali chovuta zedi kwa munthu wa mtundu wawo. Tsiku limene adzuka bwino ndi limene tinkaliopa kwambiri, chifukwa ndi limene ankafuna kukolopa nyumba yonse. Zinatenga pafupifupi chaka ndi theka kuti abwerere mumsika. Ku Kachulu sapitanso, amatuma mnyamata, iwo amakhala pa benchi mpaka masana. Anyezi anayambanso kununkhira ngati anyezi. Ambiri amapeza bwino pang'onopang'ono chonchi, ena msanga kuposa apa, ena zimawatengera nthawi yaitali.

Tsono inu muchite chiyani

Musawakakamize. Bwererani nawo kuchipatala akayezedwe malungo, TB, shuga, BP, kuchuluka kwa magazi ndi HIV, chifukwa zonsezi zimafooketsa ndipo zili ndi mankhwala ake. Mukanene tsiku limene anadwala Covid ndipo zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Akamva kupweteka pachifuwa, kubanika ali chikhalire, kutsokomola magazi, kukomoka, kapena mwendo umodzi ukatupa, musadikire kuti kuche. Gulani kope. Chepetsani alendo.

Za apongozi, musalimbane nawo nokha, mudzangotchedwa mkazi wolamulira mwamuna. Pezani wa kuchimuna amene amamveredwa, kaya ndi amalume awo kaya ankhoswe, mumuonetse kopelo, akalankhule ndi iyeyo. Kwa achemwali anga zinatheka ndi abale onse kupatula apongozi awo aakazi. Iwo mpaka lero amati anachira chifukwa cha mbuzi ija, ndipo Khirisimasi yapitayi anandikumbutsa kuti sindinasonkheko.