Ma inning 26 ndipo oponya mpira sanasinthidwe

Achimwene ena andilembera imelo sabata yathayi. Anaona box score (tebulo la manambala a zomwe wosewera aliyense anachita) ya masewero a baseball a ku America a pa 1 May 1920, pakati pa Brooklyn Robins ndi Boston Braves, ndipo pa dzina la woponya mpira wa timu iliyonse palembedwa ma inning 26 (inning ndi gawo la masewero lomwe matimu onse awiri amasinthana kuponya ndi kumenya mpira). Mnzawo wawauza kuti manambala akalewa ndi abodza, akuti olemba a nthawi imeneyo ankangolemba za m'mutu. Ndiye akufunsa ngati n'zoona.

Achimwene, mawu a mnzanuwo andilasa mtima, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Malemu bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale. Timu ya sukulu ikamasewera mpira wamiyendo, iwo ankakhala pa benchi ndi kope la chikuto chofiira pamwendo. Kapensulo kawo kanali kakafupi ngati chala, ankakasongola ndi lezala n'kukapana kukhutu. Ankalemba wagoletsa ndani, mphindi yanji, wavulala ndani, ngakhale mvula ikagwa ankalemba. Munthu akawayankhula mpira uli mkati sankacheuka n'komwe. Atatisiya, ine ndinaika kope lija m'sutikesi n'kukankhira kunsi kwa bedi. Patapita zaka ndinatsegula, ndinapeza chiswe chamanga dothi mkatimo, kwatsala chikuto ndi tizidutswa ta mapepala tokhala ndi theka la dzina. Anyamata awo aja, amene pano ndi madala aimvi, amakanganabe za chigoli china chake, ndipo ine ndilibe chowaonetsa. Zimandiwawa mpaka lero.

N'chifukwa chake sindilola munthu kunyoza olemba akale. Amene amatero sanaonepo munthu akulemba masewero ndi mtima wonse. Box score yomwe mwaonayo inakhazikitsidwa ndi Henry Chadwick, mtolankhani wobadwira ku England amene anazolowera kulemba za cricket, ndipo pofika 1920 kalembedweka kanali katagwira ntchito zaka zoposa 50. Sanali masewera a ana ayi.

Tsikulo ku Braves Field, mumzinda wa Boston, Leon Cadore ankaponyera Brooklyn, Joe Oeschger ankaponyera Boston. Brooklyn inapeza run (chigoli) yake mu inning yachisanu, Boston inabweza mu yachisanu ndi chimodzi. Kuchokera apo, ma inning 20 athunthu, palibe anazunguliranso bwalo n'kufika pa home plate, pomwe chigoli chimawerengedwera. Masewero wamba amatha pa inning 9, choncho anthu awiriwa anaponya pafupifupi masewero atatu tsiku limodzi. Oyimbira anaimitsa kutada, zigoli zili 1-1, poti magetsi kunalibe. Masewero oyamba a usiku mu ligi yaikulu ya baseball anachitika mu 1935 ku Cincinnati. Ndipo zonsezo zinatha m'maola atatu ndi mphindi 50 basi!

Amene amandimvetsa chisoni ndi Charlie Pick wa Boston. Anaima ndi ndodo maulendo 11, osapeza hit (kumenya mpira n'kufika pa malo oyamba asanatulutsidwe) ngakhale imodzi. Wolemba wabodza akanamubisira manyazi, koma zinalembedwa mmene zinalili. A Brooklyn nawo mawa lake anasewera ma inning 13 ndi Philadelphia, mkuja wake 19 ndi Boston yomweyo. Ma inning 58 m'masiku atatu, osapambana ngakhale kamodzi. Ine ndimati oponya a masiku ano, amene amachotsedwa akangoyandikira mipira 100, sitiyenera kuwayerekeza ndi anthu amenewa. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo amene amakayikira 26 uja akuyeza zakale ndi mlingo wa lero.

Nanga mutsimikize bwanji?

Werengani nokha. Inning iliyonse timu imatulutsa omenya atatu, ndiye 26 kuchulukitsa ndi 3 ndi 78. Phatikizani manambala a mzere wa putout, womwe umaonetsa anthu amene wosewera aliyense watulutsa, timu iliyonse akwane 78. Mukhozanso kufananiza ndi zomwe a Retrosheet, bungwe losunga mbiri ya masewero a baseball, anasonkhanitsa kuchokera m'nyuzipepala zakale. Chokhacho choti musamale nacho ndi chiwerengero cha mipira yomwe Cadore ndi Oeschger anaponya. Nthawi imeneyo sankaiwerenga, choncho nambala iliyonse yomwe mungaione pamenepo ndi yongoyerekeza. Mnzanuyo mumukhazike pansi, mumupatse cholembera, aphatikize yekha.