Filimu imene inatsatira mitu ya nkhani

Bambo wina wandilembera imelo kufunsa kuti: kale kunalibe Facebook, wailesi yakanema inali isanafale, nanga eni nyumba zoonetsera mafilimu ankakopa bwanji anthu m'nyuzipepala kuti adzaonere filimu yokhudza nkhondo yomwe idakali mkati?

Bambo, ndikuyankhani ndi filimu ya Casablanca, chifukwa apa m'pomwe nzeru yake imaonekera bwino.

Pa 8 Novembala 1942, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, asilikali a America ndi Britain anatsikira kumpoto kwa Africa, ndipo pasanathe sabata mzinda wa Casablanca ku Morocco unali m'manja mwawo. Dzinali linayamba kutuluka pa tsamba loyamba tsiku ndi tsiku. A kampani yopanga mafilimu ya Warner Bros. anali atamaliza kale kujambula filimu ya dzina lomwelo mu Ogasiti, ndiye sanazengereze: pa 26 Novembala anaionetsa ku New York. M'dziko lonse la America inatuluka pa 23 Januwale 1943, Pulezidenti Roosevelt wa America ndi nduna yaikulu ya Britain, Churchill, ali pa msonkhano wachinsinsi mumzinda wa Casablanca womwewo. Msonkhanowo utalengezedwa, dzina lija linabwereranso pa tsamba loyamba. Munthu ankawerenga za Casablanca kutsogolo, n'kukalipezanso mkati pa tsamba la zisangalalo. Atolankhani anali atalima kale, otsatsa ankangokolola.

Mwini holo yoonetsera mafilimu wa m'tauni yaing'ono sankavutika kulemba yekha. Kampani inkamutumizira kabuku kokhala ndi nkhani zolemberatu za osewera, komanso zitsanzo za malonda aakulu ndi aang'ono. Iye ankasankha molingana ndi thumba lake, n'kuitanitsa chikombole chimene osindikiza ankathiramo mtovu, kenako ankangowonjezera dzina la holo ndi nthawi yoyambira.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti dzina linali la kunkhondo, koma chithunzi chinali nkhope za osewera aakulu a mufilimuyi, Humphrey Bogart ndi Ingrid Bergman. Mufilimumo mulibe magulu a asilikali akumenyana kubwalo la nkhondo ayi. Nkhani yake ndi ya mu Disembala 1941, ya chikondi ndi ya anthu othawa kwawo ofuna zikalata zopitira ku Lisbon, likulu la Portugal. Ine ndimaona kuti otsatsawo anachita bwino kusaika magazi patsogolo. Ambiri ogula tikiti anali amayi, akazi ndi alongo a anyamata amene anali kutsidya la nyanja, ndipo nyuzipepala yomweyo ndi imene inkasindikiza mayina a ophedwa ndi osowa.