Anyamata anuwo si aulesi, afunseni kaye

Achimwene, poti usupavaizawo mwaupeza kumene, mukuti anyamata amene mukuwayang'anira pantchito ndi aulesi, koma ndikukanirani, anyamata anuwo si aulesi ayi. Munthu sangoyamba kukoka miyendo pantchito popanda chomuwawa. Ine ndinagwirapo pakauntala muholoselo ina ku Limbe, ndipo zanuzi zandikumbutsa mabala.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mashelefu tinkasintha ndife ndi manja athu. Shuga, mafuta ophikira, sopo, zonse kukwera, minibasi ya ku Ndirande nayonso kukwera. Malipiro athu okha osasuntha. Bwana anangoitanitsa miting'i n'kumati tilimbikire, ndife banja limodzi.

Kenaka mwana wanga anadwala malungo usiku. Ndinachezera pabenchi kuchipatala, iye dripi ili pamkono. M'mawa ndinawaimbira foni bwana, osayankha. Ndinalemba pa WhatsApp, anawerenga, timizere tabuluu tija tinaoneka, koma zii. Ndafika masana ndi zovala zadzulo, maso ali psuu, makasitomala ali pamzere, bambo aja anayamba kukalipa: "Kuno si kwa amako, ofuna ntchito ali mbwee pageti!" Pamaso pa anthu! Mayi wina amene ankagula ufa wamandasi anachita kuwerama ndi manyazi. Za mwanayo sanafunse n'komwe, mpaka lero zimandiwawa. Pakutha pamwezi ndinapeza adula tsikulo, aonjezanso shoteji ya patilu yomwe anagwira munthu wina ine kulibe. Munthu woipa mtima uja! Ya penshoni 5 peresenti ankatidula mwezi ndi mwezi, koma nditakafufuza ndinapeza kuti sinkapita, ngakhalenso 10 peresenti yawo yomwe lamulo limalamula. Kuchokera pamenepo ndinkangodikira kuti dzuwa lilowe. Makatoni akamanyowa ndi mvula pakhonde ndinkangowayang'ana, ine amene kale ndinkawathamangira osatumidwa.

Ndiye anyamata anuwo aitaneni mmodzimmodzi, kumbali, muwafunse chikuwavuta n'chiyani, ndipo mumvetsere osawadula mawu. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola 48 pasabata, opitirira apo ndi ovataimu, kawamenyereni nkhondo kwa mabwana alandire. Wagwira bwino muthokozeni pomutchula dzina anzake akumva. Wolakwa mukam'dzudzulire muofesi chitseko chotseka.

Komanso musafewe kwambiri, akukwerani pamutu. Wochedwachedwa mulembereni kalata yachenjezo msanga asakuzolowereni, ndipo akabwera ndi nkhani ya matenda akuonetseni buku lakuchipatala, chifukwa ena amanamadi.