Tanthauzo la liwu loti "cajole"

Achemwali, "cajole" ndi kunyengerera munthu pomushashalika ndi mawu otsekemera mpaka achite zimene poyamba amakana. Potchula muziti "kajoul", mawu akwere kumapetoko. Liwuli Angerezi anabwereka ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1600.

Kawirikawiri limayenda ndi "into", mwachitsanzo "She cajoled her uncle into paying the fees." Taganizirani mtsikana atagwada pakhonde, akuti, "Amalume, pamtundu ponse pano wamtima wabwino ndinu nokha," amalume mpaka kupisa m'thumba. Ngati mukunena za chimene munthu wapeza mwa njira imeneyi, ndiye muziti "cajole money out of him".

Ophunzira anga a Folomu 4 amakonda kulisokoneza ndi "persuade", ndipo sindilekerera ayi. Wochita "persuade" amapereka zifukwa zomveka, pomwe "cajole" lili ndi kafungo ka ukathyali. Choncho musalembere abwana anu kuti munawachita "cajole", angakhumudwe. Kwa mayi amene akunyengerera mwana kumwa phala, loyenera ndi "coax".

Mukalipeza m'chikalata cha kukhoti kapena cha mgwirizano, kaonaneni kaye ndi loya kapena womasulira wodziwa ntchito yake musanasayine.