Ma agent nawo amawerengera kuti akudalira ndani

Mtsikana wina amene akuphunzira za makompyuta wanditumizira imelo, akuti: "Achimwene, alekichara atiuza tiwerenge sociology pa pulojekiti ya multiagent systems. Koma zimenezi zikukhudzana bwanji ndi kulemba pulogalamu?"

Achemwali, alekichara anuwo mutu wawo uli bwinobwino. Mu multiagent system muli timapulogalamu tambiri totchedwa ma agent, kalikonse ndi cholinga chake, koma palibe kamene kangamalize ntchito pakokha ndiye kamayenera kuganiza za anzake. Sociology, phunziro la mmene anthu amakhalira ndi anzawo, ikulowera pamenepo.

Mu 1962 katswiri wa sociology Richard Emerson ananena kuti mphamvu imene munthu ali nayo pa iwe imachokera pa mmene ukumudalira, ukakhala ndi kwina kothawira mphamvu ija imaphwa. Mu 1994 akatswiri ofufuza Jaime Sichman, Rosaria Conte, Cristiano Castelfranchi ndi Yves Demazeau anaika maganizo oterewa mu ma agent. Agent aliyense amasunga kaundula wa anzake, zolinga zawo, zomwe amatha, zida zomwe ali nazo, kenako nkuwerengera kuti ine ndikudalira ndani, nanga akundidalira ine ndani.

Pitani pa siteji ya minibasi ku Limbe mukaone. Dalaivala ndi kondakitala akufuna chinthu chimodzi, galimoto idzaze inyamuke, kumeneko ndiye kudalirana pa cholinga chimodzi. Woitanira yekha nkhani yake ndi ina, iye akufuna kandalama kake basi, dalaivala akufuna anthu, ndiye apa ndi kusinthana chabe, ndipo a Sichman aja anazisiyanitsa ziwirizi mwadala. Ndiyeno onani nthawi. M'mawa anthu akulimbirana mipando woitanira alibe ntchito, dalaivala samuyang'ana nkomwe, koma masana ma minibasi ali mbwee opanda anthu yemweyo ndi bwana, akuchita kunyengereredwa. Munthu ndi yemweyo, chasintha ndi amene akudalira mnzake.

Chimene ana asukulu ambiri amaiwala, ine ndimati ndiye pagona nkhani, nchakuti kaundula uja atha kunama. Mwakwerapo minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza, mwakhala, kenako anyamata atatu akutsika mmodzimmodzi, kani anangowakhazika kuti akope anthu. Mu pulojekiti yanuyo ikani agent mmodzi wabodza chonchi, wodzitama kuti amatha zomwe sangathe, muone ngati anzakewo akukonza kaundula wawo akapusitsidwa kapena akungobwereranso kwa iye yemweyo. Zotsatira zake munditumizire.